Za Kusenda ndi Kusunga Mbalame ndi Nyama: Zipangizo za Munthu Woyamba

Tsiku lina m'mwezi wa October, dzuwa litakula monga licitira kuno ku Lusaka mvula isanagwe, mnyamata wa mnansi wanga kuno ku Chelstone anafika pakhomo panga atanyamula mbalame yakufa m'cipewa. Anaitola pa mseu waukuru wopita kum'mawa, kufupi ndi thanki ya madzi, pamene galimoto inaigunda. Atakhala pansi anati, "Atate, ndamva kuti inu mudziwa kuumitsa mbalame kuti ioneke ngati yamoyo. Kodi ndigule ciani kuti nanenso ndiyambe?" Tsikulo ndinamuyankha mwacidule, pakuti mbalameyo inali itagona padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo nthenga za pamimba zinali kuthothoka pongozikhudza. Tinaikwirira m'dimba. Koma funso lace linandikhala mumtima, ndipo mau awa ndalembera iye pamodzi ndi ena a m'tauni amene afuna kudziwa za luso limeneli.

Ine sindine mmisiri wolipidwa iai. Ndine kalaliki wa Boma, ndipo nchitoyi ndaiphunzira madzulo ndi pa Loweruka, poyang'ana amene aidziwa ndi poononga zikopa zambiri.

Azungu alicha lusoli taxidermy, kucokera ku mau awiri a Cigriki otanthauza kukonza ndi cikopa. Liri ndi nthambi ziwiri, ndipo woyamba ayenera kuzisiyanitsa. Yoyamba ndiyo kuumitsa cikopa cogonetsa cagada, ca m'kati mwace thonje lokha, kuti cisungidwe m'kabati ndi kupimidwa ndi ophunzira. Yaciwiri ndiyo kuimiritsa nyama pa miyendo yace, ndi waya m'kati ndi maso agalasi, monga zija tiona m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone. Anthu onse afuna kuthamangira yaciwiriyo cifukwa ndiyo yocititsa kaso, koma amene sanathe yoyamba sangathe yaciwiri.

Makolo ndi zikopa

Tisaganize kuti kusamala cikopa kunadza ndi sitima. Agogo anga amuna, kwathu kufupi ndi Katete, akapha mbuzi yoti apangire mvukuto sanali kuing'amba pamimba. Anali kuboola pakhosi nasolola thupi lonse pang'ono-pang'ono ndi cibakera, kufikira cikopa cituluke cathunthu ngati thumba. Mmisiri wa lero akasenda kalulu kapena gologolo acita cimodzi-modzi, kungoti iye ayambira kumcira. Cikopa ca ng'ombe anali kucikhomera pansi ndi zikhomo zamtengo, ubweya pansi, nacipala ndi kasemasema kucotsa minofu yotsalira, nawazapo phulusa. Cikauma anali kucifufuta ndi manja masiku angapo pamodzi ndi mafuta a nsatsi kufikira cifewe. Motero kunacokera mbereko ya mwana, ndi nguwo, ndi zikopa za ng'oma. Angoni a Mpezeni anali akatswiri a zishango za cikopa ca ng'ombe, ndipo amene apita ku Mtenguleni m'mwezi wa February kukaona Nc'wala aona zikopa zimenezi ziri kubvalidwabe.

Cimene makolo sanacite ndico kubwezera cikopa m'maonekedwe a mwini wace, ndi mutu ndi zikope ndi zala zomwe. Cosowa sicinali nzeru iai, cinali cifukwa. Munthu wofuna kuona nkhanga anali kungotuluka kuseri kwa mudzi. Lero mwana wobadwira ku Kabwata kapena ku Woodlands angathe kufika pa ukwati asanaone gwape ndi maso ace.

Lamulo liyambe

Mpeni usanagulidwe, dziwani lamulo. Nyama zakuchire za m'dziko la Zambia ziri pansi pa lamulo la caka ca 2015, ndipo oyang'anira ace ndiwo a Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakuchire, amene likulu lao liri ku Chilanga. Cikopa, nyanga, dzino kapena nthenga za nyama yochinjirizidwa sizikhala zanu cifukwa cakuti mwazitola, ngakhale nyamayo inafa yokha. Zifuna cikalata cosonyeza kuti muli nazo mololedwa, ndipo wofuna kucita malonda nazo afuna cilolezo cinanso. Kuzitumiza kunja kwa dziko kulinso ndi pangano lace la maiko, locedwa CITES, la caka ca 1973. Popeza ndakhala zaka zambiri pakati pa mafaelo, ndikuuzani kuti kufunsa kalata musanayambe ndi ulendo wa tsiku limodzi, koma kudzifotokoza atakupezani naco cikopa ndi mlandu wa miyezi.

Cifukwa cace woyamba aphunzirire pa zoweta: kalulu wa m'khola, mbira, zinziri zimene anthu aweta, nkhuku ya cikuda. Ndipo pasapezeke mnyamata wopita ndi malegeni kukapha mbalame za m'mitengo ati apeze zophunzirira. Zimenezo ndazikana pakhomo panga kawiri konse.

Cenjeraninso ndi nyama imene simudziwa cinaipha. Matenda a anthrax anapha mvuu mu Luangwa ku Chama m'caka ca 2011 nalowa mwa anthu amene anazisenda ndi kuzidya, ndipo m'caka ca 2023 anabukanso m'zigawo zingapo za dziko lino. Mbeu zace zikhala m'cikopa zaka zambiri. Galu, mphaka, nkhandwe ndi mleme zingakhale ndi ciwewe. Nkhuku yofa ndi citopa ikwirireni.

Zipangizo

Tsono tibwere pa funso la mnyamata uja. Zipangizo za woyamba zikwana m'citini ca mabisiketi, ndipo zambiri ziri kale m'nyumba.

Cacikuru pa zonse ndi kampeni. Kabwino ndi kaja agwiritsa madokotala, ka cigwiriro cacitsulo ndi timalezala tosinthira, kamene kapezeka m'masitolo a mankhwala. Pakusowa ako lezala watsopano womangirira pa kamtengo agwira nchito. Mpeni wakukhichini, ngakhale munole motani, ndi waukuru ndi wolemera pa mbalame. Cimene cidabwitsa oyamba ndi cakuti kampeniko kagwira nchito pang'ono cabe. Cikopa ca mbalame sicisendedwa ndi kudula iai, cikankhidwa ndi zala ndi msana wa cigwiriro. Mpeni ndi wa malo asanu kapena asanu ndi limodzi okha, kumene cikopa cigwirana ndi fupa.

Paciwiri sizasi, ndipo zikhale ziwiri: yaing'ono yosongoka ngati ya zikhadabo, yodulira timinofu, ndi ina yolimba yodulira mafupa a bondo ndi phewa. Musabwereke ya amai yosokera, pakuti fupa limodzi liibunthitsa, ndipo mlandu wace sutha msanga m'nyumba. Pacitatu kambano kacitsulo, kotalika ngati cala ndi theka, kosololera lilime ndi maso ndi kulowetsera thonje m'khosi. Onjezanipo kawaya kosula kumapeto ngati kasipuni kakang'ono, kocotsera bongo m'cibade. Kameneka mudzipangira nokha ndi nyundo.

Singano ndi ulusi: singano yopyapyala ya mbalame, ndi ina ya nsonga za mbali zitatu monga ya osoka nsapato, ya cikopa ca kalulu. Ulusi ukhale wa thonje wolimba, woupaka phula la njuci kuti usamadule cikopa. Mapini ambiri. Burashi yakale ya mano yopesera ubweya, ndi kaburashi kofewa kogonekera nthenga. Thonje la m'sitolo ya mankhwala, ndi timitengo toongoka tosema ku nsungwi.

Pali cinthu cina cimene mabuku a Azungu acilemba monga cida ca mmisiri, ndipo ndinaseka pamene ndinaciwerenga, pakuti ndi ufa wa cimanga. Mgaiwa ndiwo woposa ufa woyera cifukwa ca kukhakhala kwace. Muwaza pang'ono pali ponse pamene mwatsegula, ndipo umwa magazi ndi mafuta zisanafike pa nthenga, nuletsa zala kuterera. Nthenga yoyera ikagwa magazi ndi kuuma, nchito ya kuitsuka iposa ya kusenda mbalame yonse. Mbale ya ufa ikhale kudzanja lamanja nthawi zonse.

Otsiriza ndiwo magolovesi opyapyala, nyuzipepala zakale zoyala pathebulo, rula, sikelo yaing'ono, kope ndi pensulo. Ndipo firiji. Makolo a lusoli analibe firiji, cifukwa cace anali kusenda tsiku lomwelo, ngakhale usiku ndi nyali. Inu mungathe kukulunga mbalame m'nyuzipepala, kuiika m'mapulasitiki awiri omanga bwino, ndi kuiumitsa ndi cisanu kufikira Loweruka. Koma lembanipo dzina, ndipo uzani amai a m'nyumba. Kumbukiraninso kuti magetsi athima. Cikopa cimene casungunuka ndi kuumanso kawiri katatu citaya ubweya.

Mankhwala oletsa kuola ndi tizirombo

Mdani wa luso ili kuyambira kale si kuola kokha, koma njenjete ndi tizirombo tating'ono todya zikopa zouma. Zosonkhanitsa zoyamba za ku Ulaya zinatha ndi timeneti. Munthu wina wogulitsa mankhwala ku Metz m'dziko la France, dzina lace Jean-Baptiste Bécoeur, amene anafa m'caka ca 1777, anapanga sopo wosakaniza ndi ululu wa arsenic, ndipo sopoyo anasunga mbalame za m'nyumba zosungiramo zakale pafupi-fupi zaka 200. Koma ululuwo susankha, upha njenjete nudwalitsanso mmisiri. Lero anausiya. Ndachula zimenezi cifukwa m'nyumba zina zakale za ku Kabulonga, ndi m'mahotela, mukali mitu ya nyama ya masiku a Azungu. Musalole ana kuisisita, ndipo mukaipukuta pfumbi sambani m'manja.

Woyamba afuna zinthu zitatu cabe. Borax, ufa woyera wonga mcere wosalala, ndiwo wa mbalame ndi tinyama tating'ono: muupaka m'kati mwa cikopa cikali cacinyezi, makamaka m'cibade, m'mapiko ndi patsinde pa mcira. Mcere ndiwo wa zikopa zokhuthala, wopaka wambiri mbali ya mnofu, kukhutula madzi ace m'mawa mwace, ndi kupakanso wina. Alamu, wosungunula m'madzi pamodzi ndi mcere, ndiye wobviikamo cikopa ca kalulu masiku angapo kuti ubweya ugwire. Borax si ndiwo, musunge patali ndi ana ndiponso kutali ndi citini ca mcere.

Kasendedwe ka mbalame

Yambani ndi cinziri kapena nkhuku yaing'ono. Nkhunda ndi njiwa zipeweni, ngakhale zipezeka mosabvuta, pakuti cikopa cao cing'ambika ngati pepala lonyowa ndipo nthenga zao zithothoka ndi mantha omwe. Ine ndinayamba ndi nkhunda, popanda wondicenjeza, ndipo pomaliza inaoneka ngati yalimbana ndi mphaka usiku wonse. Bakha ali ndi mafuta ambiri, ndipo nkhanga iri ndi cipewa ca fupa cimene sicipita m'khosi.

Musanadule, pimani ndi kulemba: kulemera, utali wa phiko ndi mcira, mtundu wa diso, wa mlomo ndi wa miyendo, pakuti mitundu imeneyi izirala ikauma. Tsekani kummero ndi thonje. Gonekani mbalame cagada, patulani nthenga pakati pa cifuwa, ndipo mudzaona kanjira kopanda nthenga. Dulani khungu lokha kucokera pakati pa fupa la cifuwa kufikira pafupi ndi mcira, osaboola mimba. Wazani ufa. Kankhani cikopa mbali zonse ziwiri kufikira bondo lioneke, litulutseni m'kati, ndi kulidula pamfundo, kuti mwendo utsale ndi cikopa. Dulani patsinde pa mcira mosamala, kusiya kafupa kamene kagwira nthenga zazikuru, ndipo cotsani kathumba ka mafuta kali pamwamba pace, pakuti kakatsala kaononga nthenga ndi kuitana tizirombo. Kucokera apo cikopa cibvulika ngati malaya kufikira pa mapewa, pamene mudulanso, ndi kupitirira pakhosi kufikira mutu utuluke.

Pamutu ndipo pali mayeso. Khungu la m'makutu lisololedwa ndi kambano. Pa maso mudula kakhungu koonekera kokhako, cikope osacikhudza, pakuti cikope cong'ambika sicibisika ndi luso liri lonse. Cibade citsala m'cikopa: mudula kumbuyo kwace, ndi kucotsa bongo, maso ndi lilime. Palani minofu ya pa mafupa a mapiko ndi miyendo, pakani borax pali ponse, ikani timipira ta thonje m'malo mwa maso, ndipo bwezani cikopa msanga cisanaume. Kulungani thonje pa kamtengo ka nsungwi kulingana ndi thupi limene mwacotsa, nsonga yace ilowe m'cibade, ndipo sokani pamimba ndi misoko yotalikirana. Pafupi-fupi oyamba onse aika thonje lambiri, ndipo mbalame ituluka yonenepa ngati mfumu. Thupi lenileni likhale pambali panu kuti muziyerekeza. Pingasitsani miyendo, gonekani nthenga, kulungani mbalame m'thonje lopyapyala, ndi kuiumitsa pamthunzi popita mphepo, sabata imodzi kapena ziwiri. Miyezi yabwino ndiyo ya cisanu, May kufikira August. M'dzinja cikopa cicita nkhungu, ndipo m'October nchenche zikuposani liwiro.

Kuimiritsa

Amene watha zikopa khumi zogonetsa angaonjeze pulayala, waya wosacita dzimbiri wa makulidwe atatu, tupa yosongolera nsonga za waya, dongo, ndi maso agalasi. Thupi lipangidwa ndi khonje kapena zopala za matabwa zomanga zolimba ndi ulusi, ndipo waya apyola m'miyendo, m'mapiko ndi m'khosi nakhomeka m'thupimo. Maso ndiwo obvuta kupeza kuno, ndipo aitanitsidwa kunja, koma kwa mbalame zazing'ono ndi mbewa mikanda yakuda ikwanira. Nyama zazikuru ndi nchito ina. Kale anali kungoziphatika udzu monga matiresi, kufikira Carl Akeley wa ku America, amene anafera ku Congo m'caka ca 1926, anaonetsa njira ya kuumba thupi lonse ndi minofu yace poyamba, ndi kubveka cikopa pamwamba. Woyamba asaziyese.

Cida cimene sicigulidwa ndi diso. Khalani pakhonde ndi kuyang'ana pumbwa kapena mpheta: pamene bondo libisala, m'mene khosi lipindikira, kumene phiko ligona. Ndaona mbalame zosokedwa bwino koma zoimirira ngati asilikali.

Mau amodzi a za anansi. Pakati pathu munthu wosunga nyama yakufa m'nyumba afunsidwa mafunso, ndipo ena safunsa, angonong'onezana. Mkazi wina anasiya kudzatunga madzi pa mpope wathu mwezi wathunthu ataona cinziri canga pawindo. Kuyambira apo ndigwira nchitoyi pakhonde, masana, ana a anansi ali kuonerera, ndipo kadzidzi sindimkhudza konse, cifukwa ca lamulo ndi cifukwa ca mtendere wa pamudzi.

Zouma zisungeni m'bokosi lotseka bwino, kutali ndi dzuwa, ndi timipira ta njenjete. Mukaona pfumbi pansi pa mbalame, tizirombo talowa: ikulungeni m'pulasitiki ndi kuiika m'cisanu ca firiji masabata awiri.

Kakalata ka pamwendo, ndi Jali Makawa

Casala cida cimodzi, cocepa mtengo pa zonse: kapepala kolimba komangirira pamwendo, kolembapo ndi pensulo malo, tsiku, caka, ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, ndi dzina la wosenda. Cikopa copanda kakalata ndi cokometsera nyumba cabe. Cokhala nako ndi mboni.

Mbiri ya mbalame ndi nyama za dziko lino inalembedwa pa zikopa zotere. Nyumba ya ku Livingstone inayamba m'caka ca 1934, ndipo kufikira lero isunga zikopa zambiri m'makabati amene alendo saona. W. F. H. Ansell anatulutsa buku la nyama za Northern Rhodesia m'caka ca 1960, ndi la nyama za Zambia mu 1978. Mfuko ya kuno ku Lusaka, yonga ija itukula dothi m'madimba mwathu, inadziwika kuti ndi mtundu pa wokha m'caka ca 1999 ndipo inachedwa dzina lace. C. W. Benson ndi C. M. N. White analemba mndandanda wa mbalame za dziko lino mu 1957. Maina a pa mabuku ndi a Azungu, koma manja amene anasenda zambiri za mbalamezo anali a anthu akuda, ndipo mmodzi wa iwo mbiri yace yasungika.

Jali Makawa anali Mlomwe, wobadwira ku Mozambique nakulira ku Nyasaland. Analowa nchito ya m'nyumba kwa Benson pamene uyo anali bwana wa Boma kumeneko, ndipo Benson poona kuti mnyamatayo adziwa kulira kwa mbalame ndi kuziitana ndi mluzu, anamphunzitsa kusenda. Anayenda pamodzi zaka zoposa 30, ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia, ndi ku zisumbu za Comoro m'caka ca 1958. M'mwezi wa September 1964, mwezi umodzi dziko lino lisanalandire ufulu, Makawa anapeza kambalame m'nkhalango za mavunda ku Mayau, kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia. Kanali ka mtundu wa tija tilira ngati mmisiri wokhoma citini, koma cifuwa cace cinali coyera ndi cibwano cakuda. Benson ndi M. P. S. Irwin anakalemba m'caka ca 1965 nakacha Pogoniulus makawai, kutengera dzina lace.

Kuyambira pamenepo anthu apita ku Mayau kukafuna kena kotere, koma sanakapeze. Cikopa cimodzi cija, cimene cisungidwa ku Tring m'dziko la England, ndico cokha ciripo pa dziko lonse lapansi, ndipo ophunzira anatsutsana zaka zambiri ngati ndi mtundu weniweni kapena mbalame wamba yobadwa ndi maanga acilendo. Makawa anamwalira mu 1995. M'caka ca 2018 ophunzira ena anafalitsa zimene anapeza atatapa kacidutswa pa cikopaco ndi kupima za m'kati mwa maselo ace, njira imene kunalibe pamene mbalameyo inasendedwa, ndipo zinaonetsa kuti ndi mbale wapafupi kwambiri wa kambalame kena kodziwika ka msana wacikasu. Pamenepo cikopaco cinali citakhala m'kabati zaka 54.